Mabuku amene amati analosera ngozi za sitima zapamadzi: mafunso ndi mayankho

Mwezi wa April ukangofika nkhani imeneyi imadzukanso, wina amaiponya pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kuti eti kuli munthu analemba za kumira kwa Titanic kutatsala zaka 14 kuti imire, pansi pake n'kuikapo kamndandanda ka zinthu zofanana, anthu n'kumangoti koma zinazi abale. Bukulo lilipodi, si bodza ayi, ndipo si lokhalo. Awa ndi mafunso amene anthu amakonda kufunsa akamva nkhaniyi.

Buku lake ndi liti, analemba ndani?

Dzina lake ndi Futility, linatuluka mu 1898, analemba ndi mkulu wina wa ku America dzina lake Morgan Robertson. Si chibuku chachikulu ayi, ukhoza kulimaliza madzulo amodzi. Limakamba za sitima yaikulu kuposa zonse padziko lapansi yotchedwa Titan, imene aliyense ankakhulupirira kuti siingamire, koma usiku wina mu April inawomba chiphiri cha madzi oundana pa nyanja ya Atlantic n'kupita ndi anthu pafupifupi onse poti maboti opulumukira anali ochepa. Titanic yeniyeni inawomba ayisi usiku wa pa 14 April 1912 nthawi ili 11:40, n'kumira cha m'ma 2:20 m'bandakucha wa pa 15. Pamene Robertson ankalemba bukuli Titanic kunalibe olo papepala, kumanga kwake kunayamba mu 1909 ku Belfast.

Nde zikufanana pati kwenikweni?

Pambiri ndithu, tisanamizanepo. Titan ya m'buku inali yaitali mamita 244, Titanic inali mamita 269. Kuti muone kukula kwake, Ilala ya pa nyanja ya Malawi ndi mamita 52 basi, ndiye kuti ma Ilala asanu mutawandandalika ndi pamene angayandikire Titanic. Zonse ziwiri zinali ndi mapulopela atatu, zonse zimatha kunyamula anthu cha m'ma 3,000, zonse zinali ndi zipinda zapansi zotsekeka kuti madzi akalowa chimodzi asadutsire kwina, Titan 19 Titanic 16. Maboti opulumukira Titan inali nawo 24, Titanic 20. Titan inawomba ayisi ikuthamanga makilomita 46 pa ola, Titanic cha m'ma 41. Mwezi womwewo, pakati pa usiku, kumpoto kwa Atlantic, ndiye kuwonjezera apo mayinawo kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha. Munthu ukaziona koyamba thupi limachita tsembwe, palibe chifukwa chokanira.

Nanga zosiyana zilipo?

Zilipo zambiri, kungoti opanga timindandanda tija sazilemba. Titanic inali pa ulendo wake woyamba, kuchokera ku Southampton kupita ku New York. Titan inali itayendapo kale maulendo angapo ndipo imachokera ku New York kulowera ku England. Titan inali ndi matanga othandizira injini, Titanic inalibe. Titan inawomba ayisi kuli chifunga, inakwera pamwamba pa ayisiyo n'kugwera chammbali kenako n'kutsetserekera m'madzi, zonse zinatha mwachangu moti anapulumuka anthu 13 okha. Usiku wa Titanic kunalibe chifunga, nyanja inali bata, nyenyezi zili mbee, ayisi anangoikhula m'mbali pansi pa madzi ndipo inatenga maola awiri ndi mphindi 40 ikumira pang'onopang'ono. Mwa anthu pafupifupi 2,224 anapulumuka cha m'ma 710.

Komanso bukulo mutu wake weniweni si sitima ayi. Ndi nkhani ya John Rowland, munthu amene anali ndi udindo pa sitima zankhondo za America koma mowa unamugwetsa mpaka anakhala mmalinyero wamba. Usiku wina ngozi ya ayisi isanachitike, Titan ikuthamanga mumdima inadula pakati sitima ina yaing'ono osaima n'komwe, Rowland anaona zonse, akuluakulu a sitima anayesa kumutseka pakamwa ndi ndalama iye anakana, nde anamuthirira mankhwala ozunguza bongo kuti akadzakamba anthu aziti ndi chidakwa chabe. Sitima itamira iyeyo anatsala pa chiphiri cha ayisi chija ndi kamwana kakakazi ka mayi amene kale anali chibwenzi chake, ndipo pamenepo analimbana ndi chimbalangondo choyera ndi mpeni mpaka kuchipha, mkono wake umodzi n'kuthera pomwepo. Theka lotsala la bukulo ndi mikangano ya inshulansi ku London ndi mlandu womunamizira kuti anaba mwana. Wakuuzanipo ndani za chimbalangondocho? Palibe, poti pa Titanic panalibe chimbalangondo.

Ndi zoona kuti bukulo analisintha Titanic itamira?

Eya. Mu 1912 linasindikizidwanso ndi dzina latsopano, The Wreck of the Titan, poti aliyense nthawi imeneyo amafuna kuwerenga za sitima yomira ndipo bizinesi ndi bizinesi. Kulemera kwa Titan anakukweza kuchoka pa matani 45,000 kufika 70,000, mphamvu ya injini kuchoka pa ma horsepower 40,000 kufika 75,000, ndi mathero ake anawakometsako. Choseketsa n'chakuti nambala yoyamba ija ndi imene inali pafupi ndi kulemera kwenikweni kwa Titanic, matani 52,310, kungoti nthawi imeneyo manyuzipepala ankakonda kulemba 66,000. Koma dzina la Titan, mwezi wa April, ayisi ndi maboti 24, zonsezo zinalimo kale mu 1898, musalole wina akuuzeni kuti bukulo lonse ndi lopanga pambuyo.

Ngati sanali mlosi, anadziwa bwanji?

Apa nde pagona nkhani. Robertson sanali munthu wongokhala pa tebulo kumalota za nyanja. Anabadwa mu 1861 ku Oswego, bambo ake anali kaputeni wa sitima pa nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada, iyenso anayamba ntchito ya pa sitima ali mnyamata, anakhala pamadzi zaka pafupifupi 10 mpaka kufika pokhala wachiwiri kwa kaputeni. Atasiya anaphunzira ntchito yokonza ndolo ndi mphete ku New York, maso atayamba kuvuta ndi pamene anatembenukira ku zolembalemba, ndipo nkhani zake zambiri zinali za panyanja. Munthu wotere umufunse kuti tapeka sitima yaikulu kuposa zonse ndipo uimize, akuyankha chani?

Kukula kwa sitima sikunali chinsinsi. Mu 1897 a ku Germany anatulutsa Kaiser Wilhelm der Grosse ya mamita pafupifupi 200, mu 1899 kampani ya White Star, imene inadzakhala mwini wa Titanic, inatulutsa Oceanic ya mamita 215, makampani amapikisana chaka ndi chaka, nde kulemba 244 kunali kungopitiriza mzere umene aliyense amauona. Ukafuna kumiza sitima imene sitima inzake singaimize, chatsala n'chani pakati pa nyanja pamene palibe miyala? Ayisi basi. Ndipo ayisi ali ndi nyengo yake, amagumuka ku Greenland, madzi ozizira a Labrador amawakokera kummwera mpaka kufika m'njira ya sitima kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada, ndipo amachuluka kuyambira April mpaka June. Mmalinyero aliyense amadziwa zimenezo, Robertson akanalemba kuti inawomba ayisi mu October anzake akanamuseka. Usiku bwanji? Chifukwa masana olondera amawaona patali. Kuthamanga bwanji? Chifukwa ndi mmene makaputeni ankachitira, sitima zonyamula makalata zinali ndi nthawi yoti zifike, ndipo bola ngati kutsogolo kukuoneka samachepetsa liwiro olo atachenjezedwa za ayisi.

Ngozi zoterezi zinali zitachitikapo kale. Mu 1854 sitima ya Arctic inawombana ndi ina m'chifunga kufupi ndi Newfoundland, maboti anali 6 okha, anafa anthu oposa 300 ndipo sipanapulumuke mayi kapena mwana ndi mmodzi yemwe. Mu 1879 Arizona inawomba ayisi ndi mphuno, kutsogolo konse kunaphwanyika koma inakafikabe ku St John's, zimene zinapangitsa anthu kukhulupirira kwambiri zipinda zotsekeka zija. Mu February 1893 Naronic, ya White Star yomweyo, inanyamuka ku Liverpool ndi anthu 74 n'kusowa mpaka lero, anangopeza maboti ake awiri opanda munthu. Ndipo chaka chomwe bukuli linatuluka, pa 4 July 1898, sitima ya ku France La Bourgogne ikuthamanga m'chifunga inawombana ndi ina n'kupha anthu oposa 500. Nde mukachotsa zonse zimene munthu wodziwa ntchitoyi akanalemba mwa nzeru zake, zotsala zodabwitsa ndi zochepa kwambiri. Mwini wake anamwalira mu 1915 ku Atlantic City, zaka zitatu Titanic itamira, bukulo silinamulemeretse n'komwe.

Chabwino, koma dzinalo? Titan, Titanic?

Limeneli ndiye lamphamvu pa zonse, ine ndimavomereza. Komabe onani kumene mayinawa amachokera. Azungu a nthawi imeneyo akafuna dzina la chinthu chachikulu ankathamangira ku nthano za Agiriki, ndipo m'nthano zimenezo ma Titan anali zimphona zimene zinalimbana ndi milungu ya pa phiri la Olympus n'kugonja. Kwa wolemba wofuna kuonetsa kudzikuza kwa anthu palibe dzina lina lomuyenera kuposa limenelo. White Star nayo inali ndi chizolowezi choti mayina a sitima zake azithera ndi ic, Oceanic, Teutonic, Majestic, nde itatcha yoyamba mwa sitima zake zitatu zikuluzikulu kuti Olympic, yachiwiri kukhala Titanic sizinali zakutali. Anthu awiri anatunga pa chitsime chimodzi cha mayina.

Nanga sitima yodula choncho, maboti kuchepa bwanji?

Lamulo ndi limene linali lokalamba. Malamulo a mu 1894 a Board of Trade, nthambi ya boma la Britain yoona zamalonda, ankawerengera maboti potengera kukula kwa sitima osati kuchuluka kwa anthu, ndipo gulu lomaliza linali la sitima zoposa matani 10,000, zimene zimafunika maboti 16. Pamene ankalemba lamulolo sitima zikuluzikulu zinali cha m'ma matani 13,000. Pa muyeso umenewu wa kukula, osati wa kulemera uja, Titanic inali yoposa 46,000 koma lamulo linali lomwe lija, nde ndi maboti ake 20 okwana anthu 1,178 inali itaposa kale zimene boma limafuna. Robertson m'buku mwake ananena mosabisa kuti Titan inanyamula maboti ochepa ongokwanira kukhutiritsa lamulo, okwana anthu 500.

Maganizo a eni sitima anali oti boti si lokhalamo, ndi longowolotsera anthu kupita pa sitima ina yobwera kudzathandiza, lipite libwere lipite libwere. Ndipo mu January 1909 zinayendadi choncho, sitima ya Republic itawombedwa ndi ina inaitana thandizo pa wayilesi, inatenga nthawi yaitali isanamire ndipo pafupifupi onse anawolotsedwa. Zimenezo zinawalimbitsa mtima. Usiku wa Titanic, Carpathia imene inabwera kudzatola anthu inafika sitima itamira kale, pamene Californian imene inali pafupi munthu wake wa wayilesi anali atagona. Lamulo loti aliyense akhale ndi malo m'boti linabwera ndi pangano la maiko la chitetezo cha panyanja lotchedwa SOLAS mu 1914, chaka chomwenso anakhazikitsa gulu lolondera ayisi la International Ice Patrol, anthu 1,500 atapita kale.

Ndinamva kuti wina analemba zotere kenako iye mwini anafera pa Titanic, zoona?

Zoona, ameneyo ndi W. T. Stead, mtolankhani wotchuka kwambiri ku Britain nthawi imeneyo, mkonzi wa nyuzipepala ya Pall Mall Gazette. Mu March 1886 analemba nkhani yopeka yotchedwa How the Mail Steamer Went Down in Mid Atlantic, ya sitima imene inawombana ndi inzake, anthu oposa 900 kulimbirana maboti osakwana olo theka la iwo. Kumapeto anaikako mawu ake monga mkonzi onena kuti izi ndi zimene zidzachitikedi ngati sitima zipitiriza kuyenda ndi maboti operewera. Mukuona? Iyeyo sankabisa kuti cholinga chake n'chani, inali kampeni yofuna kuti boma lisinthe lamulo, kungoti anaivalika chovala cha nthano kuti anthu awerenge. Mu 1892 analembanso ina, From the Old World to the New, mmene sitima ya Majestic ya White Star ikupulumutsa anthu a sitima ina imene inawomba ayisi. Anthu amakonda kuwonjezera kuti kaputeni wa Majestic anali Edward Smith, kaputeni wa Titanic amene anadzafera pomwepo, koma Smith anayamba kuyendetsa Majestic mu 1895, nkhaniyo itatuluka kale.

Mu April 1912 Stead anakwera Titanic kupita ku msonkhano wa zamtendere ku Carnegie Hall ku New York. Thupi lake silinapezeke.

Kodi si za mizimu izi? Ena amati anthuwa ankauzidwa ndi ziwanda.

Stead ankakhulupiriradi zolankhula ndi akufa, anali ndi magazini yake ya zimenezo yotchedwa Borderland, ndipo ankanena kuti mzimu wa mayi wina womwalira dzina lake Julia umagwira dzanja lake n'kumalemba. Nde ngati pali munthu woti mizimu ikanamunong'oneza ndi iyeyo. Koma tikiti anagula, sitima anakwera. Chimene chinakwaniritsidwa pa zolemba zake si cha Julia ayi, ndi masamu wamba amene anachita mu 1886, anthu angati maboti angati.

Alipo enanso analemba zofanana?

Alipo, ndipo kuchuluka kwawoko ndi kumene kumachepetsa chidwi. Magazini ya ku America ya The Popular Magazine inali ndi nkhani yotchedwa The White Ghost of Disaster, yolembedwa ndi Thornton Jenkins Hains pogwiritsa dzina lina, ya sitima ya mamita 244 yotchedwa Admiral imene inawomba ayisi ikuthamanga, ndipo magaziniyo inali m'mashopu masiku omwewo Titanic imamira. Ku Germany Gerhart Hauptmann, amene analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba chaka chomwecho, buku lake la Atlantis la sitima yomira pa Atlantic linkatuluka zigawozigawo mu nyuzipepala kumayambiriro kwa 1912. Nthawi imeneyo kunalibe ndege zonyamula anthu, wopita ku America aliyense amadutsa pamadzi, mamiliyoni a anthu, nde nkhani za sitima zomira zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku m'magazini. Zimene sizinafanane ndi ngozi iliyonse palibe amazikumbukira.

Nanga nkhani ya Richard Parker ndi yotani?

Iyi nde imandizunguza mutu kuposa ya Titan. Mu 1838 Edgar Allan Poe anatulutsa buku lotchedwa The Narrative of Arthur Gordon Pym of Nantucket. M'menemo sitima yosaka anangumi yotchedwa Grampus inaphwanyidwa ndi namondwe, anatsala amuna anayi pa chigoba chake akuyandama opanda chakudya, njala itafika povuta mmodzi anati tichite maere, mmodzi afe kuti atatu akhale ndi moyo. Maere anagwera yemwe anabweretsa ganizoyo, anamubaya n'kumudya. Dzina lake Richard Parker.

Patapita zaka 46, Poe atamwalira kalekale, kasitima kakang'ono kotchedwa Mignonette kananyamuka ku Southampton pa 19 May 1884 kupita ku Sydney, kumene loya wina wa ku Australia amene anakagula ankakadikira. Munali anthu anayi, kaputeni Tom Dudley, Edwin Stephens, Edmund Brooks, ndi mnyamata wa zaka 17, wamasiye, wongoyamba kumene maulendo ataliatali. Pa 5 July chifunde chinakaphwanya kumpoto chakumadzulo kwa Cape of Good Hope, kutali kwambiri ndi mtunda, iwo n'kudumphira m'kaboti ka mamita anayi ndi zitini ziwiri za ndiwo zamasamba, madzi akumwa alibe olo dontho. Anagwira kamba wa m'nyanja mmodzi amene anawasunga masiku angapo, kenako anayamba kumwa mikodzo yawo. Mnyamata uja anamwa madzi amchere a m'nyanja n'kudwala mpaka kumangogona pansi pa boti osatha kudzuka. Patatha masiku pafupifupi 20 Dudley anapemphera, anatenga kampeni ka m'thumba n'kumubaya pakhosi, Stephens ali chire kuti agwire miyendo akaphupha. Atatuwo anamwa magazi ndi kudya thupi lake, ndipo pa 29 July sitima ya ku Germany inawatola. Mnyamatayo dzina lake linali Richard Parker.

Anamangidwa?

Atafika ku Falmouth ku England mu September anafotokoza zonse okha kwa akuluakulu a padoko, Dudley mpaka anaonetsa kampeni kaja n'kupempha kuti adzamubwezere, poti iwo ankaona ngati palibe mlandu, amalinyero anali ndi mwambo wawo wakalekale woti zikafika pamenepo mmodzi amadyedwa. Anthu a m'tauniyo anali mbali yawo, ndi mchimwene wake wa Parker yemwe anabwera kudzawagwira chanza. Koma boma linkafuna mwambo umenewu uthe, nde Brooks anamusandutsa mboni, Dudley ndi Stephens anawazenga mlandu wakupha, ndipo mu December 1884 majaji motsogozedwa ndi Lord Coleridge anagamula kuti njala kapena kufuna kudzipulumutsa si chifukwa chophera munthu wosalakwa. Anawalamula kuti anyongedwe koma chilangocho chinasinthidwa kukhala miyezi 6 ya ndende. Mlanduwu, R v Dudley and Stephens, mpaka lero amaphunzitsa m'masukulu a zamalamulo m'maiko amene malamulo awo anachokera ku Britain, mukafunsa loya wa kwathu kuno akuuzani kuti anakumana nawo m'kalasi. Dudley anasamukira ku Sydney komwe anafa ndi mliri wa makoswe mu 1900.

Nde imeneyi muifotokoza bwanji?

Mbali ya kudyana ndi yosavuta. Poe sanapeke, zinkachitika ndipo zinkalembedwa m'manyuzipepala. Mu November 1820 sitima ya Essex, ya ku Nantucket komweko kumene Poe anaika nkhani yake, inamizidwa ndi nangumi pa Pacific, mwa anthu 20 anapulumuka 8, ndipo m'boti la kaputeni George Pollard anachita maere n'kupha mnyamata Owen Coffin, msuweni wake wa kaputeniyo. Mmodzi mwa opulumuka, Owen Chase, analemba buku mu 1821. Komanso nkhani ziwirizi sizikufanana ndendende, Parker wa Poe anali mmalinyero wamkulu woukira ndipo anafa ndi maere amene anayambitsa yekha, Parker weniweni anali mwana wodwala ndipo maere sanachitike.

Dzinalo nde langofanana basi, palibe nzeru ya ntchito imene ingalifotokoze. Chimene ndinganene n'chakuti Richard ndi Parker onse ndi mayina ofala kwambiri ku England, ndipo panali Richard Parker wina wotchuka, mtsogoleri wa amalinyero amene anaukira pa sitima zankhondo za Britain pamalo otchedwa Nore mu 1797 n'kunyongedwa, dzina loyenera kupatsa munthu woukira m'nthano. Pa mabuku masauzande a panyanja ndi ngozi masauzande za m'zaka za m'ma 1800, kuti dzina limodzi lofala ligundane penapake sizosatheka, chikanadabwitsa n'chakuti lisagundane paliponse. Komabe olo ndikudziwa zonsezo, ndikafika pa dzinalo ndimaima kaye. Wolemba mabuku Yann Martel nayenso linamugwira, n'chifukwa chake nyalugwe wa m'boti m'buku lake la Life of Pi anamutcha Richard Parker, imeneyo nde sizinangofanana, anachita dala.

Buku la Moby-Dick nalo amati linalosera?

Pang'ono chabe. Herman Melville anatenga mathero a buku lake pa nkhani ya Essex ija, nangumi kumiza sitima. Bukulo lili pafupi kutuluka, mu August 1851, nangumi wina anamizadi sitima ya Ann Alexander pa Pacific, ndipo uthenga unafika ku America masiku omwe bukulo limayamba kugulitsidwa. Melville mwini anadabwa nazo m'kalata imene analembera mnzake. Koma apa zikuonekeratu, analemba chinthu chimene chinachitikapo kale, chinangochitikanso.

Nanga kaja kanaphulika mu 2023 kakupita kukaona Titanic, sikanali Titan?

Kanali Titan, eya, ndipo nkhani ya Robertson inadzukanso sabata imeneyo. Pa 18 June 2023 kachombo koyenda pansi pa madzi ka kampani ya OceanGate kanaphwanyika ndi mphamvu ya madzi kakutsikira kumene kuli zotsalira za Titanic, mamita pafupifupi 3,800 pansi, anthu onse asanu anafera pomwepo. Koma dzinali silinagwe kumwamba, poyamba kankatchedwa Cyclops 2, eni ake anakasintha dzina akudziwa kuti ntchito yake ndi yopita ku Titanic. Kufanana kwenikweni kuli pena. Mu 2018 akatswiri a ntchitoyi a m'bungwe la Marine Technology Society analemba kalata yodandaula kuti kampaniyo ikukana kuti kachomboko kayesedwe ndi oyesa odziimira paokha, ndipo chaka chomwecho wantchito wawo amene ankadandaula za kulimba kwa chigoba chake anachotsedwa ntchito. Anthu amenewo palibe amawatcha alosi, poti analemba kalata osati nthano.

Ndikafuna kuwerenga ndekha ndizipeza kuti?

Mabuku a Robertson, Poe ndi Melville ndi akale moti alibenso mwini, amapezeka ulere pa intaneti, pa Project Gutenberg mukhoza kutsitsa pa foni osawononga bandulo yambiri. Chingerezi chake n'chakale ndipo mawu a pa sitima ndi ambiri, muzilimba mtima. La Robertson ndikuchenjezeni kuti si buku lokoma kwenikweni, pali malo ataliatali amene Rowland amangodzilankhulira za Mulungu ali pa ayisi paja, ndiponso mmene analembera munthu wa inshulansi wachiyuda ndi zonyoza zenizeni za nthawi imeneyo. Amene anaonera filimu ya James Cameron ya 1997 asayembekezere zachikondi zotere. Ofuna kuona nkhani zonsezi pamodzi, Martin Gardner anazisonkhanitsa mu 1986 m'buku lotchedwa The Wreck of the Titanic Foretold? n'kuzisanthula chimodzichimodzi. Ndipo mukatsitsa la Robertson yang'anani kaye peji yoyamba ya nkhaniyo pamene akufotokoza kulemera kwa sitima, mukaona matani 70,000 dziwani kuti mwagwira losinthidwa la 1912, ndi limene lili ponseponse.